Munthu Wachikhumi

A Nissim Hakak anamwalira Lolemba masana ali ndi zaka 91, ndipo Lachiwiri dzuwa lisanapendeke anali atagona kale kumanda a paphiri, popeza Ayuda maliro sachedwa nawo. Mwana wawo Gavriel, bambo wa zaka 58, wosankha ngale ngati atate ake, anatsika phirilo malaya atang'ambidwa pachifuwa monga mwa mwambo. Chimene chinkamudya mumtima chinali chimodzi: kumandako amuna anangokwana asanu ndi atatu, ndiye kadishi sinanenedwe.

Kadishi ndi pemphero limene mwana amanenera kholo lake likatisiya. Si lalitali, munthu angalimalize tiyi asanazizire. Vuto lake n'lakuti sulinena wekha. Pamafunika amuna achiyuda khumi, woferedwayo kuwerengera pomwepo, oti aziyankha kuti amen. Kumizinda ina khumi umawapeza pongosuzumira pawindo. Kuno ku Kobe, ku Japan, khumi ndi ntchito yotuluka nayo thukuta: wina ali ku Tokyo, wina mwendo watupa, wina anakwiya chaka chatha ndipo mpaka lero sanakhululuke.

Tsono onani kuwawa kwake. Kwa zaka makumi asanu ndi limodzi a Nissim ndiwo anali wachikhumi wa aliyense. Foni ikalira kuti tapereweredwa mmodzi, ankasiya ngale zili mbwee patebulo n'kukwera njinga, kaya kukugwa mvula. Anapitapo ku Osaka, ku Kyoto, ngakhale kwa anthu amene sankapatsana nawo moni. "Maliro n'kulirana," ankatero, "zinazo tikamba mawa." Ndipo popeza Myuda sawerenga anzake ndi chala, kuopa tsoka, iwo ankawerenga nsapato zovulidwa pakhomo. Munthu wotereyu ndiye wapita popanda womunenera kadishi, ndipo Gavriel manyazi anamugwira osati pang'ono.

Masiku asanu ndi awiri a kulira anayambira m'nyumba ya malemuwo, nyumba yakale yamatabwa ya m'kanjira kokwera, yachitseko chokankhira m'mbali cha galasi lachimbuuzi. Gavriel ndi mlongo wake wamkulu, Mazal, anaphimba magalasi odziyang'anira ndi nsalu n'kukhala pa timipando tatifupi. Masiku amenewa chitseko sichikhomedwa, ndipo mlendo sagogoda kapena kuodira, chifukwa wolira sayenera kudzuka kukalandira munthu. Mlendo amangokankha, n'kuvula nsapato, n'kukhala chete mpaka woferedwa ayambe yekha kuyankhula. Izi mwana aliyense amazidziwa, komabe Gavriel, munthu wokonda zolongosoka, anazilemba m'gulu lawo la pafoni: dzina la kanjira, nambala ya nyumba, pemphero 7 koloko m'mawa uliwonse mpaka Lolemba. Pansi pake anawonjezera kuti, "Chitseko chizikhala chosakhoma, muzingolowa." Lachitatu m'mawa anakwana asanu ndi anayi. Olonjeza kubwera Lachinayi analipo khumi ndi awiri, ndipo mtima wa Gavriel unakhalako pansi.

Lachitatu lomwelo masana Mazal anayang'ana foni yake n'kungoti kakasi.

"Gavi, taona izi."

"Achemwali, tili pamaliro, foniyo bwanji osaisiya?"

"Ndati taona."

Wina anali atakokolola zonse za m'gulu lija, zokamba za zaka zitatu, n'kuziyala pa intaneti. Mayina a anthu 64, manambala a foni, zithunzi, kumene amagwira ntchito, sukulu za ana awo. Pamwamba pake analemba kuti awa ndiwo opha ana amene akukhala pakati panu. Nkhondo imene ankaitanthauza, ya Ayuda anzawo, inali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa ndege, ndipo inkapha anthu tsiku ndi tsiku. Palibe wa m'gululo amene sankadziwa zimenezo. Ankakangana nayo mpaka kutukwanizana, ena akuti n'koyenera, ena akuti n'zochititsa manyazi, ambiri ali chete. Koma zochuluka za m'gululo zinali zoti ndani ali ndi nkhuku yophedwa mwa mwambo, ndani angabwereke kabedi ka mwana. Gavriel pa nkhani ya nkhondoyo sanalembepo chilichonse. Wolemba mndandandayo analibe nazo ntchito zimenezo, dzina lachiyuda la Hakak linamukwanira.

Uthenga womaliza pa zonse zimene anaziyala unali wa maliro uja, adiresi ndi zonse.

Mafoni anayamba kulira. Mauthenga ankabwera m'zinenero zitatu, ambiri ochokera kwa anthu amene Kobe sanamuonepo n'kamodzi komwe. Pansi pa chithunzi cha a Nissim wina analemba kuti, "Wachepapo mmodzi." Wina anatumiza chithunzi cha ng'anjo, ngati zija anawotcheramo Ayuda pa nkhondo yaikulu. Wina analemba mwaulemu weniweni kuti, "Zikomo potidziwitsa kuti chitseko n'chosakhoma." Gavriel anawerenga umenewo kawiri, n'kuzimitsa foni, n'kuiponya m'dilowa momwe bambo ake ankasungamo timasikelo.

Madzulo kunabwera apolisi awiri. Anagogoda, anawerama, anavula nsapato, analemba zonse m'kabuku. Anati nkhani za pa intaneti zimatenga nthawi, galimoto yawo izidutsa m'kanjirako, koma chitseko azikhoma.

"Mwamva?" anatero Mazal atangotuluka.

"Ndamva. Sitikhoma."

"Ukufuna tiikidwe tonse sabata imodzi?"

"Bambo anakankha zitseko za anthu zaka sikisite. Chawo chisakankhike?"

"Bambo anapita, Gavi. Ine ndili ndi zidzukulu."

Lachinayi, pa khumi ndi awiri aja, anabwera asanu. Ena anaimbira a Baruch Levitan, mnzawo wa malemu, nkhalamba ya zaka 83 yosatha nthabwala, n'kupereka zifukwa: chimfine, msonkhano, sitima. Avner wa lesitilanti ndiye ananena zoona, kuti amutumizira chithunzi cha geti la sukulu ya mwana wake wamkazi, ndipo sasuntha pakhomo. Ndani angamunene? Ine sindimunena. Koma nsapato pakhomo paja zinali zochepa, ndipo Gavriel ankaziyang'ana mtima ukuwawa.

Mwa asanuwo munali Yoram Pinto, mphunzitsi wa Chingerezi, wamtali, wazaka za m'ma 40. Yoram ndiye ankadana ndi nkhondoyo poyera. Anakayenda nawo pa zionetsero ku Osaka atanyamula chikwangwani, ndipo m'gulu lija anakangana ndi aliyense. A Nissim ankakangana naye Sabata lililonse mpaka tiyi kuzizira, kenako n'kumuthirira wina. Dzina la Yoram linalipo pamndandanda ngati la wina aliyense, ndi chithunzi chomwe, ndipo sukulu ina inali itamuuza kale kuti ayambe wapuma kaye. Koma anthu akagwidwa ndi mantha amafuna womuloza chala, ndipo chala chinapeza Yoram.

Atatha mapemphero opanda kadishi, Mazal sanadikire.

"Inu a Pinto, anzanu aja anakupatsani chiyani?"

"Anzanga ati, mayi?"

"A zikwangwani aja. Kapena mukuti zokamba zathu zinamera miyendo n'kupita zokha?"

"Mazal, tili pamaliro," anatero a Baruch.

"Ndikudziwa pamene tili, madala. Maliro ake ndi a bambo anga. Munthu wadya nafe zaka khumi ndi ziwiri, lero watigulitsa, ndiye akhale apa azimwa tiyi wathu?"

Yoram anaika kapu pansi. "Dzina langa lili pa nambala 41, mayi. Mkazi wanga sakugona. Sindinachite zimenezo."

"Wakuba amalira nawo."

Yoram anatembenukira kwa Gavriel n'kudikira, monga mlendo amadikirira kuti woferedwa ayankhule. Gavriel sankakhulupirira kuti Yoram angachite zimenezo. Komanso sankadziwa amene anachita, ndipo anali atatopa. Anayang'ana pansi, n'kumatosatosa ulusi wa pamene malaya anang'ambidwa. Wina anatsokomola. Kenako Yoram anaimirira, ananena mawu amene aliyense amanena pochoka, akuti Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi onse olira, n'kukavala nsapato zake.

"Wataya munthu, iwe Gavi," anatero a Baruch ena atachoka. "Ndipo ulibe anthu oti uzitaya."

Lachisanu anabwera anayi. Loweruka akuluakulu a sunagoge, atamva malangizo a apolisi, sanatsegule n'komwe, chinthu chimene Gavriel sanachionepo chibadwire. Ankakhala pa kampando kake, mawondo ali m'khosi, akunena mawu a kadishi chamumtima kuti asawaiwale, ngati kuti akanatha kuwaiwala. Sikuti pakadzatha masiku asanu ndi awiri pempherolo silingadzanenedwenso. Mwana amalinena miyezi khumi ndi umodzi. Koma liti, kuti, ndi ndani? Mabanja awiri anali atayamba kale kufunsa za matikiti a ndege. Gavriel ankafuna linenedwe m'nyumba muno, iye asanadzuke pansi, kamodzi kokha.

Lamulungu a Baruch anakhala pa foni ya m'nyumba, yachingwe ija, imene nambala yake sinali pamndandanda, n'kuyamba kuchititsa anthu manyazi mmodzimmodzi.

"Iwe Menashe, bambo ako atamwalira ndani anabwera m'chimvula chija? … Chimfine? Bwera nacho, tichiwerengera ngati munthu, tikwana msanga."

"Dokotala, odwala anu safa mawa seveni koloko, ndawafunsa."

"Avner, mwana umuperekeze kusukulu eyiti. Ine ndikufuna theka la ola. Uvale chipewa, uvale masiki, uvale ngakhale diresi la mkazi wako, bola ufike."

Pofika masana anali atapeza amuna asanu ndi awiri. Kuphatikiza iwo eni ndi Gavriel, asanu ndi anayi.

"Naini," anatero a Baruch akupukuta thukuta. "Wateni Mulungu adziwa. Mwina mlendo wa pa sitima yapamadzi. Nissim ankati wateni amabwera nthawi zonse, amangochedwa."

"Yoram mwamuimbira?"

"Umuimbire ndiwe. Pakamwa panatsekeka ndi pako."

Gavriel anayang'ana dilowa lija, koma mlongo wake anali pomwepo, ndipo anati aimba nthawi ina.

Dzuwa likupendeka, foni ya Mazal inalandira chithunzi kuchokera ku nambala yosadziwika. Chinali chitseko chawo. Chinajambulidwa tsiku lomwelo, chifukwa ambulera ya a Baruch inali itatsamira pakhoma pomwe anaisiya m'mawa. Panalibe mawu alionse. Mazal sanakalipe ulendo uno, anangopereka foniyo kwa mlongo wake, ndipo zimenezo zinamuopsa Gavriel kuposa kukalipa konse. Mpaka pamenepo anthu aja anali mawu a m'foni. Tsopano mmodzi wa iwo anali ndi miyendo, ndipo anaima m'kanjira kawo.

Lolemba m'mawa amuna anayamba kufika isanakwane seveni, mmodzimmodzi, atavala zipewa za mpira ndi mamasiki, tizisoti tawo ta pemphero tili m'matumba. Aliyense ankakankha chitseko, n'kulowa msanga, n'kuchibweza. Womaliza anali Avner, wotuwa ngati wadwala. Gavriel anadzuka ngati akupita kuchimbudzi, n'kudzera pakhomo. Nsapato za alendo zinali mapeyala asanu ndi atatu. Onse olonjeza anali atalowa. Anaganiza za chithunzi chija, za mwana wa Avner, za amuna awa amene abwera chifukwa cha iye, atadzazana m'chipinda chimodzi cha khomo limodzi. Anatambasula dzanja n'kupotoza kaloko ka chitseko, pang'onopang'ono kuti kasalire. Anadziuza kuti wachikhumi akabwera amuona pagalasi n'kumutsegulira. Sanauze munthu.

Anayamba mapemphero, akumachedwetsa dala. A Baruch ankakoka mawu aliwonse ngati akuyimba. Itakwana 7:20 anafika pamene kadishi imanenedwa, ndipo anaima n'kumadikira. Dokotala ankayang'ana wotchi.

Kunja kunamveka mapazi akukwera kanjira, n'kuima.

Pagalasi panaoneka chithunzithunzi cha munthu wamtali, wachipewa, kumaso koyera ndi masiki. M'dzanja anali atanyamula chinthu. Chitseko chinagwedezeka. Chinagwedezekanso, mwamphamvuko, n'kukana.

Amuna onse anatembenukira kwa Gavriel, pozindikira kuti chitseko n'chokhoma.

"Katsegule," ananong'ona a Baruch.

Mazal anagwira mkono wa mlongo wake. "Wanyamula chinthu."

"Ndi wateni ameneyo. Katsegule, iwe."

"Mwamuona nkhope?" anatero Avner. "Ngati ndi wathu bwanji sakuyankhula?"

Gavriel anafuna kudzuka. Izi n'zoona, anafunadi. Koma sanadzuke. Pagalasi lija munthu aliyense amaoneka chimodzimodzi, zimene iye sanaziganizire pokhoma. Ankangodikira kuti munthuyo agogode, kapena atchule dzina, kapena aswe galasi, chilichonse choti adziwe. Munthuyo sanachite chilichonse. Anangoima. Amuna asanu ndi anayi ndi mayi mmodzi anakhala phee, mpaka m'chipindamo munkangomveka wotchi ya pakhoma ndi kupuma kwa a Baruch.

Patapita nthawi chithunzithunzi chija chinawerama, chinaika chinthu chija pansi, n'kuchoka. Mapazi anatsika kanjira osathamanga.

"Musayandikire," anatero dokotala. "Tiimbire apolisi."

Anadikira mphindi zina khumi, palibe chinachitika. Kenako Menashe anati sitima yake ndi ya 7:52, Avner anati mwana akumudikira. Anamaliza mapemphero mothamanga, kadishi n'kuilumpha monga masiku ena onse. A Baruch, mawu ali ozizira, ananena zimene zimanenedwa tsiku lomaliza: "Dzukani, masiku a kulira atha." Amuna aja anatulukira khomo la kukhitchini, kudzera pakampata ka kuseri, aliyense njira yake.

A Baruch ndiwo anakana za kuseri. "Ndakalamba, sindingafe ndi chikwama," anatero, n'kupotoza kaloko, n'kukankha chitseko.

Panali kachikwama ka pepala. Mkati munali mazira owiritsa okulungidwa m'kansalu, chakudya cha olira, akadali ofunda. Pamwamba pa chikwamacho panalembedwa ndi bolopeni: "Gavriel, Mulungu akutonthoze. Yoram."

A Baruch anapereka chikwamacho kwa Gavriel. Anavala nsapato zawo movutikira, atatsamira khoma, n'kutsika kanjira. Mazal anawerenga dzinalo, n'kukalowa kukhitchini.

Gavriel anatulutsa foni m'dilowa. Itangoyaka, mauthenga a masiku asanu anakhuthuka, mazanamazana, foni ikunjenjemera m'dzanja osalekeza. Anadikira kuti atukwane onse amalize, n'kufufuza nambala ya Yoram. Inaitana nthawi yaitali.

"Yoram, ndine."

"Ndadziwa."

"Unabwera."

"A Baruch anauza mkazi wanga kuti muli naini." Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la pasiteshoni. "Ndinabwerera a Nissim, osati iwe."

"Bwanji sunagogode?"

"Pamaliro? Ndigogode kuti iwe udzuke pansi udzandilandire?"

"Ukanangotchula dzina."

"Dzina langa mukulidziwa, munalitchula mokwanira Lachinayi. Ndinaima pamenepo mphindi zisanu, Gavriel. Ndimakumvani mukunong'onezana."

Gavriel anakhala pansi pakhomo paja, pamene anthu amavulira nsapato, chikwama chili pamiyendo.

"Ndinakhoma ndine," anatero. "Anatitumizira chithunzi cha chitseko. Timayesa ndi iwo aja."



"Ine ndimayesa mwadziwa kuti ndine," anatero Yoram.

"Bwerera. Chonde. Ndiwaitana onse."

"Alipo angati pamenepo?"

Gavriel anayang'ana m'chipinda muja. Mabuku a mapemphero anali atasiyidwa pamipando, ena osatseka n'komwe. Kukhitchini Mazal anali atatsegula mpopi wa madzi kuti kulira kwake kusamveke.

"Ndatsala ndekha," anatero.